Uthenga wa pa WhatsApp kwa a makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC): Lachisanu tisapite ku ADC chimanjamanja

Mafumu athu, ulemu wanu. Amayi ndi abambo a m'makomiti, moni nonse. Pepani phokosoli, ndili pa Dyeratu kudikira minibasi, ndiye tcherani khutu bwino.

Lachisanu tikukumana ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, ndipo ulendo uno tisakadandaule ndi pakamwa pokha. Amene muli ndi misika m'dera lanu, kuyambira mawa yendani mupemphe ogulitsa akubwerekeni matikiti a msonkho wa pamsika a mwezi uno. Muwawerenge, mulembe m'kope ndalama zonse pamodzi, kenako muwabwezere eniake. Mukudabwa chifukwa chake? Gawo 150 la malamulo aakulu a dziko lino, aja a 1994, likuti boma lizionetsetsa kuti khonsolo ili ndi ndalama zokwanira ntchito zake, komanso liziilola kusunga zina mwa ndalama zomwe yatolera yokha. Choncho mayi wogulitsa nsomba pa Bangula akamalipira tikiti tsiku ndi tsiku, sakulakwa kufunsa kuti chimbudzi cha pamsika chimangidwa liti. Koma funso likakhala ndi chiwerengero, khansala sangalizembe. Ndipo muwauze amalondawo kuti asamapereke ndalama popanda kulandira tikiti.

Chachiwiri, gawo 146 likuti khonsolo ndiyo yokonza mapulani a chitukuko cha dera lake n'kuwakwaniritsa, ndiponso kulimbikitsa mabizinesi. Mapulaniwo sagwa kuchokera ku Lilongwe ayi, amayambira kwa inu. Khalani pansi ndi a gulupu, musankhe zinthu zitatu basi. Zitatu, osati makumi awiri! Kwa ife amene namondwe wa Freddy anatisiya pamtetete mu Malichi 2023, khoma lotchinga madzi likhale pamwamba pa mndandanda. A ku Ngabu, ngati vuto ndi dibi la ng'ombe, lembani dibi, mutchule mudzi ndi makola angati amene akuvutika.

Wina anandifunsa za gawo 13 lija lonena kuti moyo wa anthu akumudzi ndiwo muyeso woona ngati ndondomeko za boma zikuphula kanthu. Inde lilipo, kaliwerengeni mokweza pamsonkhano. Kungoti gawo 14 likuti mfundo zimenezi ndi zowongolera boma, ngakhale makhoti angathe kuziganizira, ndiye musakawopseze munthu ndi gawo 13 kuti mukamumangitsa.

Alembi, mubwere ndi makope awiri a zomwe mwalembazo. Lina a ku ADC asayine n'kutibwezera, tikasunge kwa amfumu. Tiyamba 8 koloko, dzuwa la kuno mukulidziwa. Minibasi ija yafika, tionana.