Makalata Anu: Ulendo wa ku Joni Wopanda Pasipoti

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa kwa Khombedza kuno ku Salima. Akuti: "Mwana wanga wachisamba wagulitsa njinga yake ya kabaza, akufuna kupita ku Joni. Pasipoti alibe. Transipota wamuuza kuti asadandaule, pa boda amadziwana nawo, ndipo Limpopo akawoloka usiku. Ine tulo sindikupeza. Ndimuuze chiyani?"

Zikomo amayi polemba, ndipo nkhawa yanu ndi yomveka. Ulendo umenewu ukatuluka pa Mwanza kapena pa Dedza umalowa ku Tete, kenako Nyamapanda, n'kudutsa Zimbabwe yense mpaka ku Beitbridge. Pa chipata chilichonse, wopanda chiphaso amamutsitsa patali kuti azembe m'tchire, apo ayi amamubisa pakati pa katundu. Mu Malichi 2020, pa sikelo ya magalimoto m'chigawo cha Tete, anatsegula kontena ya thiraki yochokera kuno ku Malawi n'kupezamo anthu 64 atamwalira. Amoyo anali 14 okha. Anali a ku Ethiopia, nawonso akulowera ku Joni komweko. Kontena ilibe zenera, amayi. Dzuwa la ku Tete likawotcha chitsulo chija mpweya umatha, anthu amamenya chitseko mpaka manja kulefuka, koma woyendetsa saima chifukwa akuopa kugwidwa.

Nayo Limpopo, mtsinje wa pa malire a Zimbabwe ndi South Africa, si Lilongwe kapena Linthipe amene mwana wanu anazolowera. M'dzinja amasefukira mwadzidzidzi, muli ng'ona, ndipo m'tchire la m'mbali mwake mumabisala achifwamba otchedwa magumaguma, olanda ndalama ndi mafoni, ogwirira amayi ndi atsikana. Chimene chimandiwawa kwambiri ine n'chakuti munthu akafera kumeneko m'thumba mulibe chiphaso, palibe angadziwe kuti kwawo n'kwa Khombedza. Amamuika ngati wopanda abale, inu kuno mukuyang'anabe foni.

Mmalawi wokhala ndi pasipoti amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30 ngati mlendo. Chimenecho si chilolezo chogwirira ntchito, zimenezo adziwiretu, komabe akwera basi poyera, dzina lake lilembedwa pa boda. Ndalama ya njinga ija ayambe wakapangitsira pasipoti ku Immigration, ichedwe bwanji adikire. Itanani amalume ake, eni mbumba, mukhale naye pansi asanapereke kobiri kwa transipotayo.

Kalata ina ndi ya bambo wa ku Benga, m'boma la Nkhotakota. Akuti: "Usiku mumsewu wa M5 timaona anthu achilendo atapanikizana m'galimoto, ena amatipempha madzi ndi manja. Anzanga akuti tisalowerere, si abale athu."

Bambo, anzanuwo alakwitsa. Mu Juni 2012 anthu oposa 40 a ku Ethiopia anamira pa nyanja yathu yomweyi ku Karonga. Mu Okutobala 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munafukulidwa mitembo pafupifupi 30. Aliyense wa iwowa anasiya mayi wosowa tulo ngati amayi a kwa Khombedza aja. Madzi apatseni, musaope. Mukatero lembani nambala ya galimotoyo, mudziwitse apolisi kapena a chitetezo cha m'mudzi. Ndipo mukamva kugogoda kuchokera m'thiraki yotseka, imbani foni nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.