Apongozi amutcha Suzgo

Takulandiraninso omvera athu kuno ku Mzuzu, komwe chifunga cha m'mawa chikadakutabe mitengo ya ku Kaning'ina. Makalata ambiri a sabata ino akukamba za maina, ndiye ndatolapo atatu.

Yoyamba yachokera ku Chibavi. Mayi awa akuti tisawatchule dzina, ndipo ngakhale nkhani yathu ndi ya maina, tawamvera. Akuti: "Kwathu ndi ku Dedza koma ndinakwatiwa ku Rumphi. Mwana wanga woyamba ndinabereka movutika mpaka kuchita kundipanga opaleshoni. Mchombo utagwa, apongozi anga aakazi anamutcha Suzgo. Anzanga andiuza kuti n'chimodzimodzi Mavuto. Kodi mwanayu sakula ndi tsoka? Ndikufuna akhale Blessings koma bambo ake akukana."

Pepani mayi ndi zomwe munakumana nazo, ndipo tikuthokoza kuti nonse awiri munatuluka amoyo. Anzanuwo sanakunamizeni, suzgo m'Chitumbuka ndi vuto. Koma apongozi anu sanatemberere mdzukulu wawo ayi. Makolo athu analibe kope lolembamo zochitika, ndiye zimene banja linaona pa nthawi yobadwa mwana ankazisunga m'dzina lake. Kwanu ku Dedza komweko a Mavuto ndi a Masautso alipo ambirimbiri, ena ndi aphunzitsi, ena ali ndi zigayo. Ndipo pakhomo pamene ana ankamwalira motsatizana, wotsatirayo ankamupatsa dala dzina losasangalatsa kuti imfa imuone ngati wosafunika, imulambalale.

Taganizirani za Chakufwa Chihana, wa ku Rumphi komweko kumene munakwatiwa. M'dzina lakelo muli mawu oti kufwa, ndiye kuti kufa. Koma ndi iyeyo amene m'chaka cha 1992 anatsika ndege ku Lilongwe n'kunena poyera kuti dziko lino likufunika zipani zambiri, apolisi n'kumugwira pompo. Amene ankalimbana nayenso anali ndi dzina lokhala ndi nkhani: Kamuzu ndi muzu waung'ono, chifukwa mayi ake anamwa mankhwala a mizu kuti aone mwana. Hastings analitenga pambuyo pake kwa mmishonale wa ku Scotland.

Ine maganizo anga ndi akuti musalifute dzinalo. Kufuta dzina la agogo n'kuwauza kuti alibe mawu pa mdzukulu wawo, ndipo chilonda chimenecho sichipola msanga. Onjezani lachiwiri. Komanso n'chifukwa chiyani mukupita kukabwereka kwa Azungu, pamene Madalitso alipo, ndipo m'chilankhulo cha apongozi anuwo ndi Vitumbiko? Mukambirane kaye ndi bambo a kunyumba, kenako mupite kumudzi ndi kachitenje ndi paketi ya shuga, mukagwade n'kuwapempha kuti dzina la Vitumbiko alitchule okha. Ndikukayika ngati angakane.

Kalata yachiwiri ndi ya achimwene ogulitsa kaunjika mumsika wa Zigwagwa. Akuti: "Ine ndine Yohane, mnzanga wa benchi loyandikana ndi Yahaya wa ku Mangochi. Iye akuti ndife a dzina limodzi, ine ndikuti bodza. Tabetcherana botolo la Fanta."

Achimwene, kaguleni Fantayo. Dzina lanu linachokera ku Chiheberi, Yohanan, kutanthauza kuti Yehova wachita chisomo. Linadutsira m'Chigiriki n'kufalikira ponseponse: ku England ndi John, ku France Jean, ku Spain Juan, ku Russia Ivan. Yahaya wa m'Korani ndi mwana wa Zakariya, yemwe inu kutchalitchi mumamutcha Yohane Mbatizi. Momwemonso Yusufu ndi Yosefe, Musa ndi Mose. Akanakhala kuti makolo anu anangolimasulira, bwenzi muli a Chisomo.

Yomaliza ndi ya mtsikana wa Fomu 2 wa ku Katoto, kwawo ku Mzimba. Akuti kunyumba amalankhula Chitumbuka chokhachokha, koma iye ndi Sibongile, mng'ono wake ndi Thandiwe, ndipo sakumvetsa kuti mainawa anachokera kuti.

Mwana wanga, maina amenewo anawoloka Zambezi wapansi. Angoni a Zwangendaba, pothawa nkhondo za kumwera m'nthawi ya Shaka, anawoloka mtsinjewo m'chaka cha 1835, ndipo mbadwa zake pansi pa M'mbelwa zinadzakhazikika ku Mzimba. Atakwatirana ndi Atumbuka, ana anatengera chilankhulo cha amayi awo, Chingoni n'kumazilala. Chinatsalira m'nyimbo za ingoma, m'maina a malo monga Ekwendeni ndi Embangweni, ndi m'maina ngati lako. Thandiwe ndi wokondedwa. Sibongile ndi tathokoza. Tsono tamvetsera bwino: bonga, wonga. Ndi mawu amodzi omwewo, angosiyana katchulidwe. Ngati m'kalasi mwanu muli Tawonga, kamuuze mawa kuti ndinu a dzina limodzi.

Nthawi yatithera. Bambo a ku Karonga amene mwafunsa za Lusubilo ndi Lusekelo, kalata yanu ndaiika pamwamba, tidzayambira yomweyo sabata yamawa.