Mwaye wa pa poto

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tili pa Ahebri 4:15-16, paja akutiuza kuti tiyandikire mopanda mantha. Mukupadziwa, sindichita kukuwerengerani. Yandikirani, ndi utsi wanu womwewo. Zotsalazi ndi nkhani ya poto wanga.

Ndiyambe ndaulula. Kuchokera Lolemba mpaka dzulo sindinapemphere. Kolona inali pansi pa pilo, usiku ndikuimva ikundikanda patsaya, koma dzanja osapitako. Mayi athu akudwala kumudzi, ndipo anafe takhala tikukokanakokana pa ndalama ya mankhwala ndi ya thiransipoti. Lolemba madzulo achimwene anga aakulu analemba pa gulu la banja kuti ena mwa ife timangodziwa kutumiza mavesi. Mtima wanga unanyamuka. Ndinawayankha mawu amene sindingawabwereze pano, n'kuwakumbutsanso ngongole yawo ya chaka chatha, azilamu onse akuwerenga. Gulu lonse linangoti zii. Ndiye ndinadziuza kuti ndiyambe ndaziziritsa mtima, ndiyambe ndayera, pemphero lidzabwere pambuyo. Masiku anayi anatha ndikudikira kuyera kumeneko.

Dzulo magetsi atathima ndinaphikira panja, pa mafuwa. Nditamaliza ndinakhala pansi kukwecha poto wa nsima ndi mchenga ndi phulusa. Poto ameneyu, abale, ngwakuda bii. Ungakweche mpaka zala kutupa, mwaye wake unalowerera kalekale. M'kabati ndili ndi mapoto ena atatu amene tinapatsidwa pa ukwati, owala ngati galasi, oti ukhoza kupesera tsitsi. Ndimawasungira alendo. Alendo ake akabwera ndimachitanso nawo chisoni mapotowo, ndimatenga wakuda yemweyu. Ana anga onse akulira nsima ya m'poto wakudayu, ndipo owala aja sanadyetsepo munthu ngakhale mmodzi.

Ndili mkati mokwecha ndinakumbukira nkhani imene sisitere wina anatisimbira pa m'bindikiro, ya Yesu wakuda wa ku Cusco, m'mapiri a Andes ku Peru. Mzindawu uli pamwamba kwambiri, pafupifupi mamita 3,400, ndipo ndiwo unali likulu la ufumu wa a Inca mpaka asilikali a ku Spain, motsogozedwa ndi Francisco Pizarro, anaulanda mu 1533. Chikhristu chinafika kumeneko pamodzi ndi lupanga, tisabise. Tchalitchi chachikulu cha mumzindawu anachimanga pamalo pamene panali nyumba ya mfumu ya a Inca, ndipo miyala ina anachita kukagumula ku malinga akale a Sacsayhuamán, eni dziko ndi amene ankaisenza. Munthu ukamva zimenezi umaganiza kuti anthu amenewa akanamuda Yesu wa atsamundayo mpaka kalekale.

Koma pa 31 Marichi 1650 chivomerezi chachikulu chinagwedeza Cusco, nyumba ndi matchalitchi n'kugwa. Anthu akumeneko amasimba kuti pothawira pabwalo anatulutsa mtanda wina waukulu wokhala ndi chifanizo cha Yesu wopachikidwa, ndipo dziko linaleka kugwedezeka. Kuyambira pamenepo amamutcha Señor de los Temblores, ndiye kuti Ambuye wa Zivomerezi. Eni dziko, olankhula Chiquechua, ali ndi dzina lawo lachikondi: Taytacha. Monga mwana anganenere kuti ababa anga. Dzina la kunyumba limenelo, la pa mkeka.

Tsono apa ndi pamene poto wanga akulowera. Chifanizochi n'chakuda, ndipo anthu a ku Cusco amati chinada ndi utsi wa makandulo ndi nyale zimene akhala akuyatsa patsogolo pake kwa zaka mazanamazana. Taganizani makandulo amenewo. Mayi amene mwana wake watentha thupi usiku wonse. Bambo amene mbatata yake yapsa ndi chisanu m'munda. Wamasiye, wangongole, woledzera amene walonjeza kachikhumi kuti asiya. Aliyense kubwera ndi kandulo yake, kuiyatsa pafupi, utsi n'kukwera n'kukakhala pa thupi lija. Chaka ndi chaka mpaka nkhope inafanana ndi nkhope za eni dzikowo. Akanakhala kuti ankaimira patali mwaulemu, bwenzi lero chili mbee ngati mapoto anga a m'kabati.

Ndikudziwa kuti pagulu pano tilipo a mipingo yosiyanasiyana, ndipo wina wayamba kale kulemba kuti Akatolika mwayambapo za mafano. Dikirani pang'ono achimwene, foniyo ikani pansi. Palibe akunena kuti chifanizo ndicho Mulungu. Ine ndikuloza mwaye uja. Vesi lathu likuti mkulu wa ansembe amene tili naye amamva nafe zofooka zathu. Anakhalapo pa moto umene ife timakhalapo. Ndiye inu mukumubisira utsi wanji umene sanaununkhizepo?

Ambirife Yesu tinamuika m'kabati. Timamutulutsa Lamulungu, titasamba, titavala chitenje cha bungwe, mawu ofatsa, nkhope ya ku Misa. Tikabwerako timamupukuta n'kumubwezera pa shelefu. Nsima ya tsiku ndi tsiku, ya mkwiyo, ya nsanje, ya ngongole ya katapila imene amuna athu sakuidziwa, timaphikira kwina. Timati tikumulemekeza. Ine ndinkati ndikumulemekeza sabata ino pamene ndinasiya kolona pansi pa pilo. Kunena zoona ndinkachita manyazi, komanso mbali ina sindinkafuna kuti andiuze kuti ndikapepese.

Chaka chilichonse, Lolemba lotsatira Lamulungu la Kanjedza, Taytacha amatuluka m'tchalitchi muja. Amuna amamusenza pa mapewa, pa chonyamulira cholemera, kuzungulira misewu ya mzindawo pang'onopang'ono. Oimba amaimba nyimbo za m'Chiquechua, chilankhulo chimene atsamunda anachipeza. Anthu ali m'makonde a nyumba zosanja amamuwaza maluwa ofiira otchedwa ñucchu, amene amamera m'mapiri momwemo. Amati makolo awo ankapereka maluwa omwewa kwa milungu yawo yakale Asipanya asanafike, ndipo lero akaona kufiira kwake amakumbukira magazi a Khristu. Sanapite kukagula maluwa a ku Ulaya kuti aoneke Akhristu enieni. Anathyola a kuphiri kwawo. Kukamada, khamu lonse limadzaza bwalo la Plaza de Armas, mabelu akulira, anthu atagwada, ena akulira misozi, kudikira dalitso mtandawo usanalowenso m'tchalitchi.

M'tchalitchi momwemo muli chithunzi cha Mgonero Womaliza chimene anajambula Marcos Zapata, mwana wa komweko, m'zaka za m'ma 1700. Pa mbale ya pakati, patsogolo pa Yesu ndi ophunzira ake, pali kanyama kamene ambiri amati ndi mbira, ndiwo ya pa chikondwerero kwa anthu a ku Andes. Sisitere atafika pamenepa tonse tinaseka. Ine pano sindikusekanso. Wojambula uja anamuikira Ambuye chimene kwawo amaphika, ndipo chithunzicho chikadali pakhoma mpaka lero.

Inu mwaphika chiyani sabata ino? Bweretsani chomwecho. Musadikire tsiku limene mudzakhale ndi mpunga wa nkhuku wauzimu. Ngati ndi nsima ya gaga yopserera, ya dzulo, bwerani nayo. Mayi inu amene simunalankhulane ndi apongozi anu chichokereni ku maliro aja, mukuganiza kuti Ambuye sakudziwa? Bambo inu amene mumakhala benchi la kumbuyo n'kutuluka nthawi ya Ukaristia isanakwane, zaka zingati tsopano? Sindikukuweruzani, ndine mnzanu, manja anga omwe ali ndi mwaye. Koma tisanamizane kuti kutalikira kwathuku ndi kudzichepetsa.

Mu 1950 chivomerezi china chinagwedezanso Cusco, ndipo anthu anathamangiranso kwa Taytacha yemwe uja. Dziko likamagwedezeka palibe amayamba wakasamba. Umatuluka mmene ulili, chitenje chili m'khosi, mwana ali m'manja, n'kuitana dzina limene umalidziwa. Kwathu sabata ino kwagwedezeka ndithu. Mayi ali gone pa mphasa, ana awo tikutukwanizana pa foni, ndipo ine amene ndimatumiza mavesi m'mawa uliwonse ndinali kalikiliki kukwecha mtima wanga ndi mchenga kuti ndikaoneke bwino pamaso pa Iye amene anauona kale.

Usiku wathawu ndinaitulutsa kolona ija. Sindinamve kalikonse kokoma, ndisakunamizeni. Ndinayamba ndi kumuuza Ambuye kuti ndikadali wokwiya, kuti achimwene anandilasa pamtima, kuti mwezi uno ndatumiza kumudzi kuposa onse ndipo palibe wanena zikomo. Utsi wokhawokha. Ndili pakati pa chinsinsi chachitatu ndinakumbukira kuti achimwene omwewo ndi amene akugona pa khonde la chipatala, ndi amene akuwatembenuza mayi usiku, ndi amene akuchapa nsalu zawo, ine ndili kuno kutauni ndi foni m'manja. Pamenepo misozi inabwera yokha.

Poto uja ndamusiya mmene alili, ndamutereka kale pamoto, madzi a phala la ana akuwira. Ndikufuna ndiwaimbire achimwene dokotala asanayambe kuyendera odwala, pakuti nthawi imeneyo sayankha foni. Sindikudziwa ngati ayankhe. Mukamapemphera m'mawa uno muwatchuleko mayi athu, ndi ine ndemwe, kuti pakamwa panga patuluke pepani wopanda "koma" kumapeto kwake.