Kuvomereza Pangano la Malonda a Zida Zankhondo Koma Kukana Ndime Zina

Mafumu, atsogoleri a mipingo, amayi ndi abambo, zikomo kwambiri chifukwa chobwera. Nkhani yathu lero ndi ya pangano la Arms Trade Treaty, limene limayang'anira kagulitsidwe ka zida zankhondo pakati pa mayiko. Msonkhano waukulu wa United Nations unalivomereza pa 2 April 2013, mayiko 154 atagwirizana nalo, pamene Iran, North Korea ndi Syria anakana, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 24 December 2014.

Mphamvu ya panganoli yagona pa ndime 6 ndi 7. Ndime 6 imaletsa dziko kugulitsa zida likadziwa kuti zikapulula mtundu wa anthu kapena kupha anthu wamba, pomwe ndime 7 imalamula wogulitsa kuti ayambe waunika ngati zidazo zingakaphwanye ufulu wa anthu, kuphatikizapo kuchitira nkhanza amayi ndi ana.

Chimene chimadetsa nkhawa akazembe ndi ndime 25, imene imalola dziko kuvomereza panganoli koma n'kunena kuti mfundo yakutiyakuti silidzaitsatira, bola zisasemphane ndi cholinga cha pangano lonse. Koma ndani angaweruze kuti apa zasemphana? Malinga ndi malamulo a mapangano amene anakhazikitsidwa ku Vienna mu 1969, mayiko anzake ndiwo ayenera kutsutsa, ndipo akakhala chete kwa miyezi 12 amatengedwa kuti alola. Apa ndi pamene pali vuto, chifukwa dziko losauka silingalimbe mtima msanga kudzudzula dziko limene limalipatsa thandizo.

Ena amati khomo limeneli lolola dziko kukana ndime zina ndi lofunika kuti mayiko ogulitsa zida zambiri asathawe. Komatu dziko la America linasainira mu 2013 ndipo silinafike polivomereza, mpaka mu 2019 mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Donald Trump, analengeza kuti akuchotsa siginecha yawo, ngakhale khomolo linalipo. Pangano la Ottawa la 1997, loletsa mabomba okwirira pansi, silinalole n'komwe kukana ndime iliyonse.

Ife a m'chigawo chino tikudziwa kuti nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti zambiri zinatsalira m'manja mwa anthu ndipo zina zinadutsa malire. N'chifukwa chake ine ndikuona kuti dziko likafuna kudzipatula pa ndime 6 kapena 7, akazembe athu azilemba kalata yotsutsa nthawi isanathe.