Zoimbira za m'nyumba: ndalama ikachepa tiyambe kugula chiyani?

Zikomo a mfumu, zikomo a cheyamani, amayi ndi abambo nonse. Achinyamata kumbuyoko sunthirani kuno, nkhaniyi ndi yanu kwambiri. Andipempha kuti ndilankhuleko za zoimbira za m'nyumba, ampu (chokwezera mawu chija), masipika, wufa (sipika yaikulu yotulutsa besi), poti tikangogawana za banki m'khonde kapena tikagulitsa mpunga ambiri timathamangira pa Kamuzu Road kuno ku Salima kukanyamula chigumbagumba, ikatha miyezi ingapo chili phee pakona atachiphimba nsalu.

Musanatulutse ndi tambala yomwe, yambani mwasuntha masipika muli nawowo. Nyumba zambiri ndikalowa ndimapeza onse awiri awasanjikiza pansi pa simenti, kapena imodzi ili pamwamba pa kabati inzake kuseri kwa sofa. Atalikitseni, ina kumanzere ina kumanja, mtunda wa pakati pawo ufanane ndi mtunda wofika pomwe mumakhala inuyo, ndipo kasipika kakang'ono kapamwamba kaja, twita, kayang'anizane ndi khutu lanu mutakhala pampando. Mukaigunditsa kukhoma besi imachuluka koma imangoti vuuu, mawu a woimba osamveka. Onaninso mawaya kumbuyo, wofiira apite kofiira wakuda kwakuda mbali zonse ziwiri, mukatembenuza mbali imodzi besi imathawa ndiye mumayamba kunamizira ampu kuti ndi yofooka.

Ndalama yoyamba ipite koteteza magetsi. Mukudziwa nokha mmene amathimira ndi kubwerera, nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoposa 230V ija, ndiye kachipangizo kokhala ngati kaja timaika pa filiji, kamene kamadikira kaye pang'ono kasanalole magetsi kudutsa, ndikotchipa kuposa kukonzetsa ampu yopsa. Mvula ya ziphaliwali ikayamba zulani pulagi basi. Ndipo inu okonda zakaunjika, werengani kumbuyo kwa chinthucho musanalumikize. Zochokera ku Japan zambiri ndi za 100V, za ku America 120V, mukangozibaya pakhoma pathu pano utsi fuu. Za ku UK ndiye zimagwirizana ndi magetsi athu, ndi pulagi yomwe ndi yofanana.

Tsopano pa ndalama yaikulu. Ineyo maganizo anga, theka la ndalama zonse kapena kuposerapo lipite ku masipika. Sipika ndi imene imagwedeza mpweya kuti khutu limve, ikakhala yoipa ngakhale mutaipatsa ampu ya Yamaha kaya Pioneer izingolirabe ngati chitini. Pokagula tengani fulashi yanu muli nyimbo yomwe mumaidziwa bwino, muuzeni wogulitsayo atsitse besi ifike pakati, chifukwa iwowo amakonda kuikweza mpaka galasi kunjenjemera kuti mukopeke. Mverani mawu a munthu, akumveka ngati munthu? Gogodani bokosi ndi chala, likamalira kwambiri thabwalo ndi lopyapyala. Yang'ananinso labala kapena siponji yozungulira wufa, kuno kunyanja chinyezi ndi kutentha zimaiwoletsa msanga, a ku Senga Bay ndi ku Chipoka mukundimva.

Ampu ibwere pambuyo, ndipo apa ndipamene amatipusitsa heavy. Pakatoni alemba 5000W PMPO ndi zilembo zikuluzikulu. Nambala imeneyo isiyeni, funani pomwe alemba RMS, ndiyo mphamvu yeniyeni ya ampu, mwina mupeza mawatsi 30 kapena 50, ndipo pabalaza lathu wamba 50 mbali iliyonse ndi yokwana, aneba adzabwera kudzadandaula. Komanso kuchoka pa mawatsi 50 kupita pa 100 sikuti phokoso limawirikiza kawiri ayi, limangokwera ndi 3dB, pang'ono chabe, ndiye ndalama yambiri yatha kusintha kwake kochepa.

Bambo mwafunsa za kulumikiza masipika ambiri pa ampu imodzi. Pamenepo samalani. Sipika iliyonse ili ndi nambala ya ma ohm, ikakhala yaing'ono ampu imakoka moto wambiri, nthawi zambiri 8 kapena 4. Mukaphatikiza awiri a 8 pamalo amodzi, wofiira kwa wofiira wakuda kwa wakuda, amasanduka 4, mukaika anayi ndi 2, ampu imakoka moto wambiri, imatentha, kenako yapita. Makamaka mu Okutobala ndi kutentha kwa Salima kuno, wina waiphimbanso kansalu koluka pamwamba pa timabowo ta mpweya. Amayi pepani, kansaluko kachoke. Chinanso ampu yaing'ono mukaikakamiza mpaka mawu ayambe kusasa ndi imene imaotcha matwita, mukamva kusasa tsitsani voliyumu.

Mawaya musawonongerepo ndalama, waya wa kopa weniweni wonenepako ndi wokwana. Ingopalani kumapeto, mukaona mkati mukuyera ndiye kuti ndi aluminiyamu wongokutidwa kopa.

Wufa yapayokha, magetsi ophethira aja, Bluetooth, izo ndi zakumapeto ndalama ikatsala. Koma nyimbo zake nazo, mukapita kwa anyamata oika nyimbo mu fulashi afunseni za 320kbps, zomwe zimamveka bwino, osati za 128kbps kapena zotumizirana pa WhatsApp zojambulidwa ndi foni, sipika yabwino imaulula zonse.

Amene muli pa sola, ampu ya 12V yolumikiza ku batire mwachindunji imasunga moto kusiyana ndi kudzera pa invata, ingoikanipo fyuzi pafupi ndi batire. Mayi mwakweza dzanja kumeneko, funsani.