Magetsi a thirela ndi kamangidwe ka katundu tisananyamuke ulendo wa kumudzi

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Amayi ndi abambo, Disembala wayandikira, ndipo ndikudziwa kuti ambiri muno mwayamba kale kusonkhanitsa mafiriji, matilesi ndi njinga zoti zipite kumudzi. Kuchoka muno mu Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza, mbali yaikulu ya njirayo mumayenda usiku. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndiye ndilankhulapo za thirela yomwe mumakoka kumbuyoyo.

Ndiyambe ndi soketi ili pafupi ndi tow bar, chitsulo chokokera thirela chija. Yomwe ambiri tili nayo ndi ya mapini 7, ndipo mukaitsegula mupeza manambala olembedwa kumbuyo kwake. Nambala 1, waya wachikasu, ndi indiketa ya kumanzere. Nambala 4, wobiriwira, indiketa ya kumanja. Nambala 6, wofiira, ndi wa mabuleki. Wabulawuni pa 5 ndi wakuda pa 7 ndi a magetsi akumbuyo oyaka usiku aja, wina kumanja wina kumanzere. Wabuluu pa 2 nthawi zambiri amangokhala, ena amaikapo getsi la m'chifunga. Watsala uti? Eya, mwakhoza achimwene, woyera pa nambala 3. Ameneyo ndi earth, ndipo ndi amene ndabwerera lero.

Moto ukachoka ku batire n'kukayatsa babu, uyenera kubwerera. Mababu onse a pathirela amabwezera moto wawo kudzera mwa waya woyerayu. Tsono amisiri ena a changu amamusiya lende, amvekere chitsulo cha tow bar chigwira ntchito yomweyo. Chitsulo chimenecho chili ndi gilisi, chili ndi dzimbiri, ndipo chimagwedera pa bampu iliyonse. Zotsatira zake munaziwonapo pamsewu: munthu wayatsa indiketa ya kumanzere, koma magetsi onse akumbuyo akuphethira mofooka, akaponda buleki indiketa ija n'kuzimiratu. Chimachitika n'chakuti motowo wasowa njira yake, ndiye ukubwerera kudzera m'mababu ena. Babu la buleki lili ndi tinthambo tiwiri mkati, ka 21 watts ndi ka 5 watts, ndipo tonse timadalira earth imodzi. Woyendetsa thiraki amene ali pambuyo panu sangadziwe ngati mukukhota kapena mukuima.

Ndiye musanathamangire kukagula mababu atsopano, pitani pomwe waya woyera wamangidwa. Masulani bawutiyo, palani ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale, mangani molimba, kenaka pakani kagilisi pamwamba kuti madzi asalowe. Ku galimoto chitani chimodzimodzi. Wayayo asakhale wowonda kuposa anzake, chifukwa amasenza moto wa onse. Ine ndikamamanga thirela ndimakokera waya woyera mpaka ku getsi lililonse, sindidalira chitsulo cha thirelayo ayi.

Za kalumikizidwe. Kupota mawaya awiri ndi zala n'kukulunga tepi, zimenezo zimatha ndi dzuwa la ku Tete. Tepi imamatuka, mvula n'kulowa, waya n'kuchita zobiriwira mkati. Wotcherani ndi soda, mtovu wolumikizira mawaya uja, kapena gwiritsani zolumikizira zopana ndi pulayala. Pomwe waya akudutsa pabowo la chitsulo, ikani kalabala kuti asadyeke. Ndipo mitundu ndatchula ija ndi ya chingwe cha thirela. Mawaya a m'galimoto mwanu ali ndi mitundu yawoyawo malinga ndi kampani. Musalote. Tengani tesita, wina akhale pa chiwongolero aziyatsa chimodzichimodzi, inu muzifufuza.

Mayi akufunsa kumbuyoko za galimoto zatsopano. Funso labwino, mayi. Galimoto zambiri za masiku ano magetsi ake amayendetsedwa ndi kompyuta. Mukangodula waya wa getsi lakumbuyo n'kulumikizapo thirela, kompyutayo imaona kuti moto ukupita wambiri, ndiye imazimitsa njirayo kapena kuwonongeka kumene, ndipo mtengo wake mulira nawo. Pamenepo pamafunika kabokosi ka relay kotenga moto wake ku batire kudzera pa fyuzi, kapena mawaya opangidwira galimoto imeneyo. Amene mwagula kalavani yogonamo, zambiri zatsopano zimabwera ndi pulagi ya mapini 13. Owonjezerawo ndi a getsi la rivesi, moto wotchajira batire la m'kalavani ndi wa firiji. Wa firiji azilandira moto injini ikalira basi, apo ayi mudzadzuka m'mawa galimoto itakana kulira.

Tsopano katundu. Thirela yopanda mabuleki ake malire ndi makilogalamu 750, kuphatikiza kulemera kwa thirelayo, ndipo kuno ku South Africa laisensi ya code B imathera pomwepo. Kupitirira apo pafunika EB. Ndikudziwa kuti ena mukuyang'ana pansi. Matumba a simenti 10 okha ndi makilogalamu 500, thirelayo musanaiwerengere.

Koma choopsa kwambiri ndi pomwe mwaika katunduyo. Zolemera zikhale pansi, pamwamba pa ekiselo, zopendekera kutsogolo pang'ono. Mukaunjika zolemera kumbuyo, mphuno ya thirela imapepuka n'kumanyamula matayala akumbuyo a galimoto, ndipo mukafika pa liwiro thirela imayamba kuvina uku ndi uku. Mukhoza kuyeza kunyumba: ikani sikelo yoyezera anthu pansi, imikani kathabwa pakati pa sikeloyo ndi mphuno ya thirela, pa msinkhu wa tow bar. Pa makilogalamu 100 aliwonse a thirela yodzaza, mphuno izilemera pafupifupi 7, koma isapitirire nambala yolembedwa pa tow bar yanu. Ikayamba kuvina pamsewu, makamaka potsetsereka kapena basi ikakudutsani, musaponde buleki mwamphamvu ndipo musalimbane nacho chiwongolero. Chigwireni mowongoka, chotsani phazi pa moto, liwiro litsike lokha.

Pokoleka, mverani kuti chokolekera cha thirela chagwira pa mpira wa 50 mm wa pa tow bar, kenaka yesani kunyamula mphunoyo ndi manja. Tcheni chikolekedwe. Chingwe cha magetsi chikhale ndi mpata wokhotera koma chisakhwekhwereze pansi. Mukaima kuthira mafuta, gwirani pakati pa wilo la thirela. Pakatentha moti simungasiyepo dzanja, ma bearing, tizitsulo tomwe wilo limazungulirapo, akufuna gilisi, musapitirize.

Panja paja ndaimika thirela yomwe ndamasula dala waya woyera. Tiyeni tituluke, mmodzi akhale pa chiwongolero aponde buleki, enafe tiime kumbuyo. Amene mwabwera ndi zanu, zibweretseni pafupi tiziyeze kusanade.