Mawu a Chingerezi akuti "spread" ndi mmene timakumanirana nawo tsiku ndi tsiku

Amayi ndi abambo a kuno ku Matero mu Lusaka, zikomo kwambiri chifukwa chobwera ngakhale kunja kwatentha chonchi. Lero tikambirana mawu amodzi okha a Chingerezi, akuti "spread", amene mumawaona pa chitini cha majarini ndi pa zikwangwani za ku kiliniki, komanso mumawamva pa nkhani za wailesi ya ZNBC madzulo. Katchulidwe kake kamamveka mofanana ndi "bread", choncho aliyense wodziwa kuitanitsa buledi m'Chingerezi sangavutike nako. Mawuwa sasinthanso ngakhale mukunena za dzulo kapena za chaka chatha, motero mwana wanu akalemba "spreaded" m'kope mumuwongolere, chifukwa pa mayeso adzaluza nazo malikisi.

Ambiri a inu munaloweza kuti tanthauzo lake ndi kufalitsa. Simunalakwe, koma mwagwira mwendo umodzi wokha wa nyama. Mayi akatenga mphasa n'kuiyala pabwalo, Mngelezi amati "spread". Akayanika ufa pamphasapo, kapena msodzi wa ku Siavonga akayanika kapenta kuti aume, mawu ndi omwewo. Kupaka majarini pabuledi, kumwaza manyowa m'munda, nkhuku kutambasula mapiko pofungatira anapiye, zonsezi iye amazitchula ndi mawu amodzi, pamene ife tili ndi kuyala, kuyanika, kupaka, kumwaza ndi kutambasula, ndipo sitingasinthanitse ngakhale awiri mwa amenewa popanda kusekedwa. Tangoganizani mlendo atakupemphani kuti mumuyalire majarini pabuledi. Chimene chimamanga matanthauzo onsewa n'chakuti chinthu chomwe chinali chopindidwa kapena chounjikana pamodzi tsopano chatenga malo aakulu kuposa poyamba. Mukakumana ndi mawuwa, yambani mwafunsa kuti chinthucho n'chiyani, ndipo mawu oyenera a chinenero chathu adzabwera okha.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna kuti tikhalitsepo. Ife timasiyanitsa kufala ndi kufalitsa. Tikati matenda akufala, sitinatchule wowanyamula, koma tikati ntchentche zikufalitsa matenda, taloza chala. Chingerezi chimagwiritsa ntchito "spread" pa zonse ziwiri, ndipo chokuuzani kusiyana kwake ndi zimene zikutsatira mawuwo. Mukawerenga kuti "cholera is spreading", ndiye kuti kolera ikufala. Mukawerenga kuti "dirty water spreads cholera", dzina la matendalo labwera pambuyo pa mawu athuwa, ndipo tanthauzo lake n'lakuti madzi akuda ndiwo akufalitsa kolera. Nonse mukukumbukira mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 n'kukula kwambiri mu Januwale 2024, pamene bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa malo othandizirapo odwala, ndipo ana athu anachedwa kutsegulira sukulu. Zikwangwani za nthawi imeneyo zinkalembedwa kuti "stop the spread", pomwe mawuwa akhala ngati dzina, kutanthauza kufala kwa matendawo. Ine maganizo anga ndi akuti womasulira uthenga wotere azisankha kufalitsa paliponse pamene n'kotheka, chifukwa munthu akamva kuti matenda akufala amangodandaula ngati akumva za mvula, koma akamva kuti manja osasamba akufalitsa matenda amayang'ana manja ake. N'chimodzimodzinso ndi mphekesera za pa WhatsApp, zimene timakonda kunena kuti zafala ngati zinamera miyendo, chikhalirecho pali chala chimene chinadina foni.

Pali mawu ena obadwa kuchokera kwa amenewa, ndipo sindichedwapo. "Bedspread" ndi nsalu yoyala pamwamba pa bedi, "widespread" ndi chinthu chofala ponseponse, ndipo "spreadsheet" ndi tsamba la mizere ndi mabokosi la pa kompyuta limene ana athu a m'maofesi amawerengetserapo ndalama, monga la Excel.

Kagwiritsidwe kamene ndasungira kumapeto n'kokhudza thumba lanu. M'masitolo ogulitsa mipando ndi mafiriji pa ngongole, komanso m'makalata a obwereketsa ndalama, mudzaona mawu akuti "spread your payments over 12 months". Apa chimene chikuyalidwa ndi malipiro, ndipo akuwayala pa miyezi osati pabwalo, kutanthauza kuti mudzalipira pang'onopang'ono kwa miyezi 12 m'malo molipira zonse tsiku limodzi. Mawuwo sanena chilichonse za chiwongoladzanja. Choncho musanasaine, tengani ndalama ya pamwezi, muichulukitse ndi chiwerengero cha miyeziyo, kenako muyerekeze zimene mwapezazo ndi mtengo wa katunduyo mukagula pa kashi. Amene mwabwera ndi makalata otere, atulutseni tsopano tiwerengere limodzi.